Lydia Mendoza, Woimba wa Amphawi

M'chaka cha 1934, mumzinda wa San Antonio m'chigawo cha Texas ku America, mtsikana wa zaka 17 anafika pamakina ojambulira mawu, natenga gitala yake ya nsambo 12, naimba yekha nyimbo yotchedwa Mal Hombre, ndiko kunena kuti Mwamuna Woipa. Dzina lake linali Lydia Mendoza. Mbale ya galamafoni imene inatuluka m'ntchito imeneyo inayenda kutali, nilowa m'nyumba za anthu olankhula Chisipanishi mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Rio Grande, ndipo mtsikanayo anakhala woimba wa anthu ake kufikira matenda atamletsa m'chaka cha 1988. Anthuwo anampatsa maina awiri. Lina linali La Alondra de la Frontera, kumfanizira ndi kambalame ka m'tchire koimba mokoma kokhala kumalire a dziko. Linzake linali La Cancionera de los Pobres, ndiye kuti Woimba wa Amphawi.

Olemba ambiri amamtama mayi ameneyu chifukwa anali woyamba. Koma inu amene mukuphunzira uphunzitsi mudziwa kuti mwana woyamba kufika pasukulu m'mawa si ndiye wanzeru koposa anzake. Kukhala woyamba ndi mwayi wa nthawi. Luso ndi kanthu kena. Chotero m'nkhani ino tifuna kuyesa ntchito yeniyeniyo: anaimba chiyani, anaimba motani, anaimbira yani, ndipo analephera pati. Ine ndiyesa kuti ukulu wake unali pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti anatenga chinenero chimene sukulu inachikana, nachiimba momveka ndi mopanda manyazi, kotero kuti eni ake anachimva ngati chinthu chaulemu.

Dziko la kumalire

Kuti timvetse nyimbo zake tiyenera kuyamba tadziwa dziko lake. Texas linali gawo la Mexico kufikira chaka cha 1836, ndipo linalowa mu United States m'chaka cha 1845. Itatha nkhondo ya maiko awiriwo, pangano la Guadalupe Hidalgo la 1848 linakhazikitsa mtsinje wa Rio Grande kukhala malire. Pamenepo mabanja olankhula Chisipanishi amene makolo awo anaikidwa m'nthaka yomweyo anayamba kuyesedwa alendo kwawo komwe. Nkhondo ya pachiweniweni itabuka ku Mexico m'chaka cha 1910, anthu ena miyandamiyanda anaoloka mtsinjewo kuthawa imfa ndi njala, nalowa ntchito yothyola thonje, yokonza njanji ndi ina yotero ya malipiro ochepa.

Ana a anthu amenewa sanalandiridwe bwino kusukulu. M'malo ambiri anawapatula, nawamangira sukulu zawozawo zosasamalika. M'chaka cha 1918 boma la Texas linaika lamulo lakuti maphunziro a m'sukulu za boma azichitika m'Chingerezi chokha, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake ana anali kulangidwa akamveka akulankhula Chisipanishi ngakhale pabwalo la masewera. Taganizani za mwana wa zaka 6 amene tsiku lake loyamba pasukulu aphunzira kuti mawu amene amake amamuitanira nawo kudzadya ndi mlandu. Chinenerocho sichinafe, koma chinathawira m'khitchini, m'tchalitchi, pamsika, m'nyuzipepala monga La Prensa imene inayamba kutuluka ku San Antonio m'chaka cha 1913, ndiponso m'nyimbo. Kumeneko ndiko Lydia Mendoza anachipeza.

Sukulu ya amake

Iye anabadwira mumzinda wa Houston m'mwezi wa May 1916. Atate ake, a Francisco Mendoza, anali kugwira ntchito ya njanji, ndipo chifukwa cha ntchitoyo banja linali kuyendayenda pakati pa Texas ndi mzinda wa Monterrey kumpoto kwa Mexico. Atatewo sanaone chifukwa chotumizira ana aakazi kusukulu. Amake, a Leonor, ndiwo anamphunzitsa kuwerenga pakhomo, namphunzitsanso gitala. Iye mwini anasimba atakula kuti ali ndi zaka 4 anatenga kathabwa, nakhomapo misomali, namangapo timphira, kuti akhale ndi gitala yake monga amake. Anasimbanso kuti poloka malire ali wamng'ono, antchito a boma la America anawasambitsa m'mutu ndi petulo poyesa kuti ana onse a ku Mexico ali ndi nsabwe. Zinthu ziwirizi, kathabwa ndi petulo, zitionetsa ubwana wake wonse: pakhomo anali kumpatsa nyimbo, kunja anali kumpatsa manyazi.

Buku lake loyamba la nyimbo linali lodabwitsa. Masiku amenewo ku Monterrey anali kugulitsa chingamu chokulungidwa m'timapepala tolembedwapo mawu a nyimbo. Mtsikanayo anasunga timapepalato, naloweza mawu ake, ndipo pa kamodzi mwa ito panali mawu a Mal Hombre. Maimbidwe ake anawamva pambuyo pake m'nyumba ya masewero, nawasunga m'mutu. Anali ndi zaka ngati 10.

Atate ake atasiya ntchito ya njanji, banja lonse linasanduka gulu la oimba, nayendayenda m'midzi ya kumalire kuimba m'nyumba zodyera, m'nyumba zometera ndi m'misewu. M'chaka cha 1928 atatewo anawerenga mu La Prensa kuti kampani ya OKeh ifuna oimba ku San Antonio. Banja linapita, nadzitcha Cuarteto Carta Blanca potengera dzina la mowa wa ku Monterrey, najambula nyimbo 20, nalandira madola 140. Lydia anali kuimba mandolini, kachoimbira ka nsambo kocheperapo gitala. Ndalamazo zinawathandiza kupita kumpoto ku Michigan, kumene anthu a mtundu wawo anali kulima mbewu ya mizu imene amapangira shuga. Chuma cha America chitagwa m'chaka cha 1929 ntchito zinatha, ndipo banjalo linabwerera ku Texas. Pofika 1932 linali kuimba usiku pamsika wa pamtetete wa ku San Antonio wotchedwa Plaza del Zacate, pakati pa amayi ogulitsa zakudya, kulandira timakobiri ta anthu odutsa. Pamenepo ndipo munthu wa wailesi, Manuel J. Cortez, anamva liwu la Lydia, namuitana kukaimba pa pulogalamu yake ya Chisipanishi. Kutchuka kwa pawailesi ndiko kunamfikitsa kwa a kampani ya Bluebird m'chaka cha 1934.

Nyimbo ya Mwamuna Woipa

Tsopano tiyeni tione nyimbo imene inamkweza. Choyamba tinene poyera kuti sanaipeke ndiye. Inali nyimbo ya m'nyumba za masewero, ya mayendedwe a tango, gule wochokera ku Argentina amene anali atafala masiku amenewo. Nkhani yake ndi iyi: mkazi akumbukira kuti anali akali mwana pamene mwamuna wina wochenjera anamnyenga, namuononga, namtaya, asimba masautso amene anaona pambuyo pake, ndipo kumapeto kwa ndime iliyonse atembenukira kwa mwamunayo, namuuza pamaso chimene ali.

Kuti tione chachilendo cha nyimboyi tiyenera kudziwa zimene anthu anazolowera kumva. Nyimbo zambiri za chikondi za kumalire zinali za amuna odandaula akazi: mkazi ndiye wosayamika, mkazi ndiye wonyenga, mwamuna ndiye wolakwiridwa amene amwa mowa kuti aiwale. Mal Hombre inatembenuza mlanduwo. Woimba mlandu anali mkazi, woimbidwa mlandu mwamuna. Ife tidziwa kanthu kofanana nako m'nyimbo za pamtondo, m'mene mkazi amatula nkhawa zake za m'banja kuti mudzi wonse umve. Koma pamtondo mkazi amaphiphiritsa, ndipo ali ndi anzake omuyankha. Mendoza anali yekha, sanaphiphiritse, ndipo mbale yake inakalira m'nyumba ndi m'malo omwera mowa m'mene amuna omwewo anakhala.

Komabe mawu okha sakanaifikitsa nyimboyo kumene inafika, pakuti ena anaiimba iye asanaiimbe ndipo anaiwalika. Chimene chinaikhalitsa ndi kaimbidwe kake. Woimba wa m'nyumba ya masewero akanalira, akananjenjemeretsa liwu, akanagwira pamtima kuti anthu amchitire chifundo. Mtsikana uyu salira ayi. Ayenda ndi nyimboyo mosafulumira, monga munthu wosimba mlandu wake pabwalo amene adziwa kuti zoona zili kumbali yake ndipo safuna kuti mawu ena atayike. Mkwiyo ulimo, koma waugwira. Ndipo popeza sapempha chifundo, womvera ayamba kuchita mantha m'malo mwa mwamunayo. Akulu amati tsobola wakale sawawa, koma mbale iyi yatha zaka zoposa 90 ndipo ikali kuwawa.

Luso lake

Tikamvetsera mbale zake zina za zaka za 1934 mpaka 1940 tipeza zinthu zitatu zimene tiyenera kuzitcha luso.

Choyamba ndi katchulidwe ka mawu. Ngakhale munthu wosadziwa Chisipanishi angathe kumva pamene liwu lililonse liyambira ndi pamene lithera. Iye sameza mawu pofuna kukometsa maimbidwe, ndipo sakoka liwu mopitirira kuti aonetse kutalika kwa mpweya wake. Amapumira pamene ganizo lathera, monga amachitira munthu wowerenga bwino. Ichi si chinthu chaching'ono tikakumbukira kuti ambiri a omvera ake sanali odziwa kuwerenga chinenero chawo, popeza ena sanapite kusukulu ndipo amene anapitako anaphunzira m'Chingerezi. Kwa iwo nyimbo ndiyo inali buku la ndakatulo, ndipo woimba womeza mawu akanakhala ngati buku lofufutika. Mendoza anali kuwapatsa Chisipanishi chathunthu, chokhala ndi mawu okoma a alakatuli, chotchulidwa ndi pakamwa pa munthu wa kwawo.

Chachiwiri ndi gitala. Gitala wamba ili ndi nsambo 6, koma yake inali ndi 12, zomangidwa ziwiriziwiri, ndipo liwu lake ndi lalikulu ndi lodzaza. Choimbira chotere chimafuna zala zolimba, ndipo anachisankha munthu wozolowera kuimba pamsika pamene palibe makina okuzira mawu. Iye sanali kungokwapula nsambo kuti zimperekeze. Chala chake chachikulu chinali kuyendetsa nsambo zazikulu monga ng'oma yosunga mayendedwe a gule, ndipo pamene liwu lapuma, nsambo zinali kuyankha ndi kanyimbo kawokawo. Motero munthu mmodzi anali kuchita ntchito ya mtsogoleri wa nyimbo ndi ya ovomera omwe. Masiku amenewo mkazi woimba poyera anali kuimba pamodzi ndi mbale wake, kapena kumbuyo kwake kunali amuna oimba zoimbira. Mkazi wodziimbira yekha gitala sanali kudikira mwamuna kuti amuyambire nyimbo kapena kumuuza pothera.

Chachitatu ndi kukula kwa nkhokwe yake. Nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo iye sanali wa Mal Hombre yokha. Anajambula nyimbo mazanamazana, zamitundumitundu: corrido, imene ndi nyimbo yosimba mbiri ya zinthu zochitika; ranchera, nyimbo ya anthu a kumudzi; bolero, tango, ndi zina za magule ochokera ku Ulaya zimene anthu a kumalire anazisandutsa zawo. Zambiri anazilandira kwa amake, zina anazitola m'maulendo, zina anthu anampempha iye naziphunzira. Iye mwini ananena kuti nyimbo iliyonse imene aimba, ya mtundu uliwonse, amakhala m'kati mwake monga ngati zikumchitikira. Mawu otere oimba ambiri amanena, koma pa iye mbale zake zichitira umboni.

Pamene analephera

Wopenda ntchito ya mnzake amene aona zabwino zokhazokha ndi mlaliki wa pamaliro, si wopenda ayi. Tsono tinene zofooka zake.

Choyamba, nkhani za nyimbo zake ndi zochepa. Chikondi chokanidwa, nsanje, kusiyidwa, mowa, imfa: zimenezi zibwerezedwa kufikira womvera mbale zambiri motsatizana atopa. Ndipo m'nyimbo zambiri masautso aoneka ngati mvula, chinthu chongogwa chimene munthu sangachite nacho kanthu koma kupirira. Munthu angafunse kuti: Woimba wa Amphawi uyu, bwanji mbiri yake siinamangidwe pa nyimbo za malipiro a m'minda ya thonje, kapena za mabanja amene anathamangitsidwa kubwerera ku Mexico m'zaka za m'ma 1930? Funsoli ndi loyenera, pakuti zinthu zimenezo anaziona ndi maso ake.

Chachiwiri, tisampange kukhala chimene sanali. Ena polemba za iye amafuna kuti akhale mtsogoleri wa nkhondo ya ufulu wa akazi chifukwa cha Mal Hombre. Koma iye anaimbanso nyimbo zambiri zopekedwa ndi amuna, zolankhula ndi pakamwa pa mwamuna, zina mwa izo zodzudzula akazi, ndipo anaziimba ndi mtima wonse osasintha mawu. Anali wosunga ndi wopereka nyimbo za anthu ake, zabwino ndi zokhota zomwe. Zopeka yekha zilipo, monga Amor Bonito, koma ndi zochepa poyerekeza ndi zimene analandira kwa ena.

Chachitatu, mbale zina za m'zaka zapambuyo anazijambula pamodzi ndi magulu a malipenga, mavayolini kapena akodiyoni. M'kuona kwanga zambiri mwa izo sizifika pa zoyamba zija. Liwu likadali lamphamvu, ndipo ndi ukulu linanenepa ndi kuzama, koma gitala yake imamira m'phokoso la ena, ndipo kuyankhana kuja kwa liwu ndi nsambo, kumene kunali chuma chake, kumachepa.

Nanga dzina lija la Woimba wa Amphawi lim'yenera? Ine nditi lim'yenera, koma pa chifukwa china. Amphawiwo sanali kusowa munthu wowauza kuti ali amphawi, anali kudziwa. Chimene anali kusowa ndi munthu wowayesa anthu athunthu, okhala ndi mitima yotha kukonda, kuchita nsanje ndi kusweka, pamene dziko linali kuwayesa manja othyolera thonje basi. Mendoza anapita kumene iwo anali. Banja lake linayenda pagalimoto m'misewu ya Texas ndi zigawo zina kufikira ku California, kuimba m'mahema, m'nyumba za misonkhano za matchalitchi ndi m'nyumba za masewero za anthu a ku Mexico. M'malo ambiri mahotela ndi nyumba zodyera zinali kukana anthu a mtundu wawo, ndipo iwo anali kudziphikira m'mbali mwa msewu. Woimba wotchuka pa wailesi anali kukanidwa pakhomo lomwelo limene omvera ake anali kukanidwa. Iye sanasiye Chisipanishi kuti alowe pakhomopo.

Zaka zapambuyo ndi ulemu wochedwa

M'chaka cha 1935 anakwatiwa ndi Juan Alvarado, msoti wa nsapato, nabala ana aakazi atatu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma linachepetsa petulo ndi matayala, ndipo maulendo a banjalo anaima kufikira 1947. Abale ake awiri, María ndi Juanita, anatchukanso paokha monga Las Hermanas Mendoza. Amake atamwalira m'chaka cha 1952 gulu la banja linatha, ndipo iye anapitiriza yekha, atavala madiresi amene anali kusoka ndi manja ake. Mwamuna wake anamwalira mu 1961, ndipo mu 1964 anakwatiwa ndi Fred Martínez.

Anthu a ku America olankhula Chingerezi anayamba kumdziwa mochedwa. Chris Strachwitz, mwini kampani ya Arhoolie, anasonkhanitsa mbale zake zakale nazitulutsanso, ndipo pamodzi ndi Les Blank anamuonetsa m'kanema wa nyimbo za kumalire wotchedwa Chulas Fronteras m'chaka cha 1976. Kuchokera pamenepo ulemu unadza motsatizana. Mu 1977 anaimba pa zikondwerero za kulowa ufumu kwa Pulezidenti Jimmy Carter. Mu 1982 anali mmodzi wa anthu oyamba kulandira National Heritage Fellowship, mphotho ya boma ya osunga luso la makolo. Mu 1999 Pulezidenti Bill Clinton anampatsa National Medal of Arts. Matenda ofa ziwalo anali atamlanda kale gitala mu 1988, ndipo anamwalira ku San Antonio pa 20 December 2007 ali ndi zaka 91. Pambuyo pa imfa yake nyumba ya mabuku ya Library of Congress inaika Mal Hombre m'kaundula wa mawu ojambulidwa oyenera kusungidwa, ndipo mu 2013 nkhope yake inaikidwa pa sitampa ya kalata. Mbiri yake inalembedwa kuchokera pakamwa pake ndi pa abale ake m'buku la 1993 lokonzedwa ndi Strachwitz ndi James Nicolopulos, ndi m'buku lina la 2001 la Yolanda Broyles-González.

Mphotho zimenezi ndi zabwino, koma tisasokonezeke nazo. Sizinamkuze ndizo. Anthu a pamsika wa Plaza del Zacate anamzindikira zaka zoposa 40 akuluakulu a ku Washington asanamve dzina lake, ndipo anamzindikira popanda wowauza. Chiweruzo cha amayi ogulitsa zakudya aja chinali cholondola, ndipo ophunzira anangobwera kudzasainira.

Cholowa chake

Pambuyo pake panadza akazi ena oimba a ku Texas, monga Chelo Silva, Laura Canales ndi Selena Quintanilla, amene anapeza njira italambulidwa, pakuti anthu anali atazolowera kuona dzina la mkazi lili lokha pa mbale. Nkhani ya Selena itiphunzitsa kanthu kena. Iye anabadwira ku Texas mu 1971, nafa mu 1995 ali pakati pa kutchuka kwakukulu. Ngakhale anali wa mtundu womwewo, chinenero chake choyamba chinali Chingerezi, ndipo Chisipanishi anayamba kuchiphunzira poimba, atate ake akumuuza katchulidwe ka mawu. Apa tiona zipatso za mbali ziwiri. Malamulo a sukulu ndi manyazi amene anadza nawo anachotsa chinenero pakamwa pa ana ambiri, ngakhale kuti boma la America linavomera maphunziro a zinenero ziwiri mu 1968, ndipo la Texas linatsatira mu 1969 ndi 1973. Koma nyimbo zinachisunga chinenerocho, ndipo mwana amene sanachilandire pakhomo anakachipeza m'nyimbo. Pakati pa osunga aja dzina la Lydia Mendoza lili patsogolo.

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambi umenewu ambiri amaunena za chinenero cha kwawo, koma amaunena modandaula, monga ngati avomera kuti mwendowo ndi wochepadi ndipo angopirira. Mendoza sanaimbe mopepesa chotero. Anaimba ngati munthu amene sanaganizepo kuti mwendo wa amake uli ndi chilema, ndipo omvera anatuluka ali ndi maganizo omwewo.

Mawu kwa mphunzitsi

Pali phunziro limodzi lolakwika limene munthu angatole m'nkhaniyi, lakuti popeza mtsikana wosapita kusukulu anafika kutali chotere, ndiye kuti sukulu ilibe kanthu. Ayi ndithu. Lydia Mendoza analandidwa kawiri: atate ake anamtsekera khomo la sukulu chifukwa anali mkazi, ndipo sukuluyo ikanamlandira ikanamletsa chinenero chake. Chimene chinampulumutsa ndi chakuti pakhomo panali mphunzitsi, ndiye amake, amene anayamba ndi zimene mwanayo anali nazo kale: mawu a pakamwa pake, makutu ake ndi timapepala ta chingamu. Atsikana anzake a kumalire amene analibe mayi wotere sitiwadziwa maina.

Nyimbo zake zambiri si za ana, ndipo sindinena kuti mukaziimbitse m'kalasi. Koma inu eni muyenera kuphunzira kupenda nyimbo, pakuti mudzakhala mukusankhira ana zoimba ndi zoloweza. Mbale zake zakale zimapezeka pa intaneti, ndipo za kampani ya Arhoolie zakhala m'manja mwa Smithsonian Folkways kuyambira 2016. Pezani Mal Hombre ya 1934, muimve katatu. Ulendo woyamba tsatani liwu lokha, muone pamene apumira ndi m'mene amalizira mawu. Ulendo wachiwiri tsatani gitala, muone pamene iperekeza ndi pamene iyankha. Ulendo wachitatu dzifunseni chimene mwamva mumtima, ndi chimene woimbayo wachita kapena waleka kuchita kuti mumve chotero. Mukatha, chitani chimodzimodzi ndi nyimbo imene ana a m'kalasi mwanu abwera nayo kuchokera kwawo, ndipo mulembe zimene mwapeza.